Mchenga wa Pakhonde

Tchuthi changa anachivomereza Lolemba, ndipo pofika Lachitatu n'kuti nditadzaza masamba anayi a kope ndi zoti tidzanyamule. Tinkapita kunyanja yamchere kwa sabata yathunthu, ine, amuna anga ndi mwana wathu wamkazi wa zaka ziwiri ndi theka. Malowo ndinali nditangowaona pafoni: kanyumba koyera, mitengo ya kokonati yopendekera kumadzi, ndi gombe lalitali lopanda munthu. Kunali kutatsala masabata awiri kuti tinyamuke.

Ine ndimagwira ntchito mu labu ya chipatala. Anthu akamva zimenezi amaganiza za magazi, ndipo ndimawasiya aganize choncho. Zoona zake n'zakuti theka la tsiku langa limathera pa timabotolo ta chimbudzi cha anthu. Ndimapaka pang'ono pakagalasi, kudonthezera madzi, n'kusuzumira pa maikulosikopu. Kwa zaka khumi ndi chimodzi ndakhala ndikuona zimene anthu amayenda nazo m'mimba osadziwa, ndipo njoka zam'mimba zimene ndimadana nazo koposa ndi zija zolowera kuphazi. Munthu amangoponda dothi lonyowa wopanda nsapato, basi walandira mlendo. Mwana amayamba kuyera m'maso ndi m'zikhatho, magazi kumatha, mayi ake n'kumadabwa kuti chikumudya n'chiyani. Ana oterowo ndawaona ambiri. Ndiye musafulumire kundiseka ndikanena kuti mwana wanga anali ndi nsapato za m'nyumba, za pabwalo ndi za kubafa, komanso kuti miyezi itatu iliyonse ndinkatenga chimbudzi chake kukachiyeza ndekha. Nthawi zonse ndinkapeza mulibe kanthu, ndipo ndinkabwerera kunyumba ndikuyamika nsapato.

Mwanayo timamutcha Kapitawo. Dzinali anamupatsa ndi bambo ake, omwe ndi mmisiri womanga nyumba, chifukwa chiyambireni kuyenda amayenda manja kumbuyo, mimba patsogolo, kuyang'ana ntchito za anthu ngati olemba ganyu ndi iyeyo. Masana amatsala ndi anti, mayi wachikulire amene analera kale ana awo asanu. Anti amafika m'mawa ine ndisanatuluke, n'kuweruka ine ndikabwera.

Ulendowu anaufuna ndine. Anzanga akuntchito ndinawauza kuti ndatopa, ndikufuna ndikapitidweko mphepo. Chifukwa chenicheni sindinauze munthu. Kapitawo akagwa, ankathamangira kwa anti. Anti kukakhala kulibe, ankathamangira kwa bambo ake. Ine ankandipatsa ulemu. Ndikalowa pageti ankabwera kudzandichingamira, kundionetsa manja kuti ndi oyera, n'kubwerera komwe anali. Mwana wa zaka ziwiri sayenera kulemekeza mayi ake choncho, ndipo zinkandiwawa. Ndinkaganiza kuti tikakhala sabata yathunthu kopanda ntchito, kopanda anti, mwana wanga adzazolowera kukhala pamiyendo panga.

Lachitatu madzulo titadya, ndinayala zinthu patebulo. Zovala za mwana ndinazigawa m'timatumba tapulasitiki, kalikonse ndi kapepala kake, monga timachitira ndi timabotolo kuntchito. Panalinso neti ya udzudzu, mafuta oteteza khungu ku dzuwa, zipewa ziwiri, matewera ogonera, mankhwala a malungo, a m'mimba, a m'maso ndi a zilonda.

"Mayi a Kapitawo," anatero amuna anga ataima pakhomo la kukhitchini, "kodi tikupita kutchuthi kapena tikukatsegula chipatala?"

"Sekani. Mwana akakatsegula m'mimba kumeneko mudzandifuna."

Ananyamula kathumba kamodzi n'kuwerenga kapepala. "Lachinayi masana. Nanga akadzithira madzi Lachinayi m'mawa, tidikira masana?"

"Pali kathumba ka zadzidzidzi."

"Kamodzi?"

"Tsiku lililonse kake."

Anakabwezera pamalo pake mosamala ngati dzira. Amuna anga ndi munthu wofatsa, wa mapazi ong'aluka moti mungabisemo msomali. Pankhani ya nsapato ndinawalephera kalekale.

Madzulo omwewo ndinaimbira foni mayi wa nyumba ya alendo ija. Ndinawafunsa za bedi la mwana, madzi akumwa, mtunda wokafika kuchipatala, ndi kuya kwa madzi m'mphepete. Anandiyankha zonse moleza mtima, kenako anaseka.

"Musade nkhawa amayi, kuno ana amasangalala. Kuchokera pakhomo mpaka kumadzi ndi mchenga wokhawokha. Nsapato amavula tsiku lofika, n'kudzazivala tsiku lobwerera."

Ndinathokoza n'kudula foni. Zithunzi zija ndinali nditaziyang'ana kambirimbiri, koma ndinkangoona madzi ndi mitengo. Sizinandifikepo m'mutu kuti choyera chonsecho n'choti munthu aponde.

"Walira mvula walira matope," anatero amuna anga. Anali atamva zonse.

"Mwanayu sanapondepo pansi wopanda nsapato," ndinatero.

Anandiyang'ana kanthawi, kenako anayang'ana kudenga. "Ndiye ayesere kunyumba konkuno. Nafenso tisanamange khoma timayamba tayala njerwa popanda simenti, tione ngati zikukwana."

Mawa lake anabwera ndi mawilibala atatu a mchenga wa pulasitala kuchokera kumene ankamanga. Anausefa kawiri, anayala lona pakona ya khonde, anaika matabwa anayi m'mbali n'kuukhuthulira momwemo. Ine ndinatapako pang'ono m'kabotolo. Anandiona, anangotsokomola. Lachisanu ndinauviika m'madzi amchere kuntchito, ndinasefa, ndinayang'ana magalasi anayi. Munalibe dzira la njoka ngakhale limodzi. Mchenga wa amuna anga unakhoza mayeso.

Loweruka m'mawa, dzuwa litangofika pakhonde, tinatuluka naye Kapitawo. Ine ndinali nditakonzeka. Pambali ndinaika beseni la madzi ofunda, sopo ndi thaulo, ndipo ndinaima m'mphepete mwa thabwa, nsapato zanga zili kuphazi. Bambo ake anamuvula timasandasi, anamugwira m'khwapa n'kuyamba kumutsitsira pamchenga. Mwana anapinda miyendo yonse iwiri m'mwamba ngati mphaka amene akufuna kumuviika m'madzi.

"Ponda, mwana wanga," ndinatero. "Lero ndakulola. Ponda."

Anandiyang'ana kumaso, anayang'ana beseni, n'kundiyang'ananso.

"Nsapato," anatero.

"Lero palibe nsapato. Taona, ndi mchenga wabwino, ndauyeza."

Bambo ake anamutsitsanso pang'ono. Chala chimodzi chitangokhudza, mwana anayamba kulira, kukwera pachifuwa pa bambo ake ndi kubisa nkhope m'khosi mwawo. Tinayesa katatu. Kachitatu analira mpaka kusanza tiyi, ndipo tinasiya.

"Mwaona?" ndinatero ndikupukuta. "Amaopa mchenga."

"Mwina," anatero amuna anga.

Masana ndinafufuza pafoni, ndipo ndinapeza kuti alipo ana amene safuna kukhudza zinthu zokhakhala, monga udzu kapena mchenga. Mtima unakhala pansi. Ife a mu labu vuto likakhala ndi dzina timaliona ngati latha theka. Ndinatsegula tsamba lachisanu la kope lija. Lolemba ndi Lachiwiri poweruka ndinazungulira m'mashopu, ndinagula mkeka waukulu wapulasitiki, nsapato zamphira zolowera nazo m'madzi, ndi katenti kokhala ndi pansi pake. Ndinawerengera kuti mwana atha kuchoka pakhomo, kufika kumadzi, kusewera n'kubwerera osakhudza mchenga n'kamodzi komwe. Ndinawafotokozera amuna anga zonsezi monyadira. Iwo anangoti, "Ndadziwa kale anamanga nyumba yopanda khomo," n'kupita kukasamba.

Lachitatu kuntchito kunabwera opopera mankhwala a mphemvu, ndipo anatiuza kuti tituluke nthawi ya nkhomaliro, tidzabwerenso mawa. Sindinaimbire munthu foni. Ndinafika kunyumba cha m'ma thu koloko, ndipo geti ndinalipeza losakhoma.

Ndisanaone kanthu ndinayamba ndamva kuseka. Kunali kuseka kochokera m'mimba, kokhala ndi ntchofu ndi kabefu, kumene ndinali ndisanakumvepo pafupi chonchi. Ndinaima kuseri kwa thanki ya madzi n'kusuzumira pakhonde.

Kapitawo anali pakati pa mchenga, atavala kabudula yekha. Mchenga unali m'tsitsi, m'makutu, pamimba, paliponse. Ankaumba njerwa ndi kachitini ka majarini, kuzindandalika mumzere monga amachitira bambo ake, kenako kuziponda imodziimodzi ndi chidendene n'kumaseka. Anti anakhala pathabwa, mapazi awo atakwiriridwa mpaka mu akakolo, akusenda nyemba m'mbale.

Ndinaima pamenepo kwa kanthawi ndithu. Kenako chikwama changa chinagunda thanki.

Mwana anatembenuka. Kuseka kunadukira pakamwa. Anagwetsa kachitini, anadumpha thabwa n'kuthamangira m'nyumba. Posakhalitsa anatulukanso atavala timasandasi mosemphanitsa, ya kumanja kumanzere, mchenga ukutuluka m'zala. Anabwera kudzaima patsogolo panga n'kutambasula manja ake akuda biii.

"Ndasamba," anatero.

 Kuntchito zotsatira zikabwera zodabwitsa, timayamba takayikira manja athu tisanakayikire wodwala. Ine kunyumba kwanga ndinaiwala zimenezo. Mwana wanga sankaopa mchenga. Ankaopa ine.

"Pita ukamwe madzi," ndinatero, ndipo anapita mothamanga.

Anti anali atazula mapazi mumchenga, ataimirira, mbale ya nyemba ili m'manja.

"Madamu, mwabwera msanga."

"Zayamba liti zimenezi, anti?"

"Mchenga uno kapena...?"

"Pali winanso?"

Anaika mbale pansi. "Kuseri kwa nyumba, pansi pa mpeyala. Chiyambire kuyenda. Ikakwana folo koloko timasamba, timavala, timakudikirani."

Chaka ndi theka. Mawu anali atadzaza kale m'kamwa mwanga, a njoka, a mazira, a ana oyera m'maso. Koma ndinakumbukira timabotolo tija ndinkanyamula miyezi itatu iliyonse, ndi mmene ndinkayamikira nsapato. Pansi pa mpeyala ndi pouma, pali mkati mwa mpanda, palibe amene amadzithandizirapo. Njoka zija zimafuna dothi loipitsidwa ndi anthu, ndipo zimenezi ndimaphunzitsa ndine ana asukulu akabwera kudzaona ntchito yathu. Ndinkazidziwa bwino lomwe, koma mantha samva maphunziro.

"Bwanji simunandiuze?"

"Ndinayesa kamodzi, madamu. Munandionetsa zithunzi pafoni mpaka ndinalephera kudya." Anapukuta manja pachovala chawo. "Mukandichotsa ntchito ndimva. Koma mwana si mbale ya alendo yoti azingokhala m'kabati."

Sindinawachotse ntchito. Ndinalowa kuchipinda, ndinakhala pabedi ndi chikwama changa pamiyendo, ndipo ndinamva akumusambitsa mwana kubafa, onse awiri akulankhula monong'ona ngati m'nyumba muli wodwala.

Amuna anga atabwera, ndinawadikira asambe, adye. Kenako ndinawafunsa ngati ankadziwa.

"Loweruka lililonse mukakhala pa ntchito, timakumba limodzi," anatero osandiyang'ana.

"Ndiye mchenga uja munabweretseranji? Kuti mundiseke?"

"Ayi, mayi a Kapitawo. Ndimaganiza kuti akauona wambiri chonchija, aiwala kuti mulipo."

Anazindikira okha kuti mawuwo atuluka molakwika, ndipo anatambasula dzanja kuti andigwire. Ndinawasiya andigwire, chifukwa sananame. M'nyumba mwanga munali anthu atatu amene ankadikira kuti ndituluke kuti ayambe kusangalala.

"Tiwatenge anti paulendowu," anatero patapita kanthawi. "Kanyumba kaja kali ndi chipinda china. Mwana akasewere, inunso mukapume."

Anali ndi nzeru. Koma ndinaona mmene zikanakhalira. Ine pampando pansi pa mtengo wa kokonati, anti ndi mwana uko kumadzi, ndipo ikakwana folo koloko n'kubwera kudzandionetsa manja. Kumeneko kukanakhala kunyamula nyumba yathu yomweyi kukaiika m'mbali mwa nyanja.

"Mundipatse masiku anayi atsalawa," ndinatero. "Akapanda kusewera ine ndilipo pofika Lamulungu, muwaimbire anti."

Lachinayi m'mawa ndinadzichepetsa n'kuwafunsa anti kuti ndichite bwanji. Anadabwa, koma anayankha ngati munthu amene yankho anali nalo kale m'thumba.

"Musamuitane. Musamuyang'anenso. Khalani pamenepo muzichita zanu. Kuona maso a nkhono n'kudekha, madamu. Ndipo beseni lija musalitulutse."

Madzulo nditafika sindinalowe m'nyumba. Ndinakhala pathabwa, ndinavula nsapato ndi masokosi, n'kuponda. Pamwamba panali pofunda, koma zala zitalowa pansi zinapeza pozizira. Ndinakula ndikuyenda wopanda nsapato ngati ana ena onse, koma mapazi anga anali ataiwala, ndipo ankanyerenyetsa ngati si anga. Ndinayang'ana kumpanda monga anandilangizira. M'mbali mwa diso ndinaona kamimba katatulukira pakhomo.

Anaima pamenepo nthawi yaitali. Kenako ndinamva timasandasi tikubwera, kwekwere kwekwere. Anatola nsapato zanga, imodzi dzanja ili ina dzanja ilo, n'kuziika bwinobwino pafupi ndi thabwa.

"Amama, valani."

Mawuwo anali anga, ndi kanenedwe komwe.

"Zikomo. Ndivala kenako."

Anaika manja kumbuyo, anayang'ana mapazi anga ngati khoma lopindika, n'kubwerera m'nyumba.

Lachisanu ndinatenga kachitini ka majarini kaja n'kuyamba kuumba njerwa. Iliyonse inkaphwasuka ndikangochotsa chitini. Amuna anga anafika n'kuima pamutu panga ndi chikwama chawo cha zida.

"Njerwa zimenezi palibe kapitawo angazilandire," anatero mokweza, kuti wina amve.

"Ndiye zimatani?"

"Sindikudziwa. Funsani odziwa ntchito."

 Kenako pakhomo kamawu kanati, "Madzi."

"Ati chiyani?" ndinafunsa amuna anga, maso anga ali pachitini.

"Madzi," kanabwerezanso mokwiya, ngati munthu wotopa ndi antchito osamva.

Analowa m'nyumba n'kubwera ndi kapu yake, madzi theka atatayikira m'njira. Anaima pasimenti, nsapato zili kuphazi, anaweramira mkati n'kuthira pamchenga pafupi ndi bondo langa. Njerwa yotsatira inaima. Anaiyang'ana, anagwedeza mutu kamodzi, n'kupita. Tsiku limenelo ndinadya chakudya chamadzulo ndi mtima wopepuka.

Loweruka ndinaononga zonse. Kunali cha m'ma teni m'mawa, ndipo ndinali nditaumba mzere wa njerwa zisanu ndi imodzi. Kapitawo analowetsa mwendo umodzi mkati mwa matabwa, nsapato ili kuphazi, kenako winawo. Ananjuta. Ndinaumitsa khosi kuti ndisatembenuke. Anatapa mchenga wodzaza dzanja, anauyang'ana, n'kuyamba kuupititsa kukamwa.

"Iwe!"

Mawuwo anatuluka okha, ine ndisanawalole. Mwana anadzidzimuka, mchenga unamwazika, ndipo anathawa mpaka kukabisala kuseri kwa miyendo ya bambo ake kukhitchini. Tsiku lonselo sanayandikirenso pakhonde. Madzulo ndikumusambitsa anakhala chete m'beseni, kundipatsa mkono uwu, kenako uwo, osadikira kuti ndimuuze.

Lamulungu m'mawa ndinakhalanso pamchenga ola lathunthu. Kapitawo anadutsa kawiri, koma anazungulira kutali ngati pali galu. Titadya nkhomaliro ndinamugoneka, ndinatseka masutikesi n'kuwaika pabalaza. Mkeka wapulasitiki, katenti ndi nsapato zamphira ndinaziyang'ana kanthawi, kenako ndinazimangirira pamwamba pa sutikesi yaikulu.

"Aimbireni anti," ndinawauza amuna anga. "Auzeni akonzeke, tiwadzera mawa m'mawa."

"Tsiku silinathe."

"Latha. Aimbireni."

Anatenga foni ndi makiyi, anati akukapopetsa matayala a galimoto, adzaimbira ali komweko. Geti litatsekedwa, m'nyumba munangoti zii.

Ndinatuluka pakhonde chifukwa m'nyumba munkatentha. Sindinatenge chitini. Ndinangokhala pamchenga penipeni, ndi diresi langa labwino lomwelo, nditatsamira khoma, miyendo nditatambasula. Ndinali nditatopa ndipo ndinali ndi chisoni. Ndinaganiza za ana onse oyera m'maso amene ndinawapezera matenda, amayi awo n'kumandithokoza, ndi mmene ana omwewo ankakangamira zovala za amayi awowo potuluka. Ndinatseka maso.

Sindinamve timasandasi, chifukwa panalibe. Ndinangomva chinthu chofunda chikutsamira mwendo wanga. Nditatsegula maso pang'ono ndinaona Kapitawo atadzuka kutulo, tsaya lili ndi mizere ya pilo, maso akadali olemera. Anali atachoka pabedi molunjika, osavala kanthu kuphazi, ndipo anakhala pamchenga ngati munthu amene wafika pamalo pake. Anayasamula. Anatapa mchenga n'kuuthira paphazi langa lamanja.

Sindinagwedezeke. Ngakhale kupuma ndinkapuma mobera.

Anathiranso, n'kuthiranso. Anayamba ndi zala, kenako pamwamba pa phazi, kumaphwanyaphwanya ndi chikhatho kuti pasalale, monga bambo ake amachitira ndi pulasitala. Lilime linali panja. Mchenga wina unamulowa m'kamwa, anaulavula yekha n'kupukuta ndi mkono, ndipo ine ndinaluma mlomo wanga mpaka kuwawa.

Geti linatseguka pang'onopang'ono. Amuna anga analowetsa mutu, anationa, n'kuima pomwepo. Anakweza foni m'mwamba n'kupukusa mutu, kundiuza kuti sanaimbe. Kenako anabwerera chammbuyo n'kutseka geti mwakachetechete, iwo ali kunja.

Phazi litakwiririka mpaka mu akakolo, Kapitawo anasendera chifupi, anatsamira ntchafu yanga ndi chigongono chake chamchenga. Sanandiyang'ane kumaso, maso ake anali pantchito yake. Anaika chala pamlomo n'kunong'ona, monga zikuoneka kuti ankachitira ndi anti masana aliwonse.

"Osawauza amama."

Misozi inandilengeza, koma sindinaipukute, kuopa kumudzidzimutsa.

"Sindiwauza," ndinanong'ona.

Ndinamupatsa phazi linalo.